Osamalira Okalamba a Eni: Ulendo Wochokera ku Mapiri a Angónia

M'midzi yozungulira Ulónguè ndi Dómuè mumafika uthenga wina kawirikawiri, makamaka mbatata ya kachewere ikakumbidwa ndipo ntchito ya kumunda yachepa. Umachokera kwa mwana wa pamudzipo amene anakhazikika ku Tete, ku Moatize, ku Beira, kapena kutsidya kwa malire ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mawu ake sasiyana kwenikweni: "Amayi afooka, ife timachoka m'mawa n'kubwera usiku. Mutipezereko mtsikana wokhulupirika woti azikhala nawo." Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mtsikana kapena mayi wina amakulunga zovala m'chitenje, n'kukwera galimoto yopita kumene sanafikeko, kukasamalira nkhalamba imene si kholo lake.

Anthu otere ndi ambiri padziko lapansi. Bungwe loona za ntchito la ILO linawerengera mu 2021 kuti antchito a m'nyumba alipo 75.6 miliyoni, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi akazi. Mu 2015 linapeza kuti 11.5 miliyoni mwa antchito otere amagwira ntchitoyi kunja kwa dziko lawo. Ena amalera ana, ena amachapa ndi kuphika, koma gulu limene likukula ndi la osamalira okalamba, chifukwa anthu akukhala zaka zambiri kuposa kale pamene ana awo akukhala kutali kuposa kale. Angónia ndi malo abwino ophunzirirapo nkhaniyi, chifukwa dera limeneli lakhala likutumiza anthu ake kukatumikira m'nyumba za eni kwa zaka zoposa 100, ndipo tikudziwa mmene oyambawo anathera.

Kuka ndi mdzukulu

Pa mwambo wa Achewa, mwamuna ndiye amapita chikamwini kwa mkazi. Motero mayi akamakalamba ankakhala atazingidwa ndi ana ake aakazi ndi adzukulu, m'mudzi momwe anabadwira. Angoni a Maseko, amene anakhazikika pa phiri la Dómuè cha m'ma 1870, anabwera ndi mwambo wotengera mkazi kuchimuna, ndipo kumeneko mtengwa ndiye ankaphikira apongozi ake. Miyambo iwiriyi inasakanikirana m'kupita kwa nthawi, koma konsekonse panali munthu mmodzi wosasowa: mdzukulu. Atsikana ankagona ku kuka, nyumba ya agogo aakazi. Iwo ndiwo ankatunga madzi, kutola nkhuni, kusonkha moto, ndi kuthamangira kukadzutsa akuluakulu agogo akadwala usiku. Agogowo nawo ankawalangiza, kuwasimbira nthano ndi kuwasungira mkute. Palibe ankaitcha ntchito, ndipo palibe ankalipidwa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti tsiku lina naye adzagona pamphasa yomweyo, wina n'kumamusonkhera moto.

Tisanamizane kuti kale zonse zinali bwino. Nkhalamba yopanda mwana inkavutika ngakhale masiku amenewo. Koma dongosolo linalipo, ndipo zinthu zingapo zinaliphwasula motsatizana. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo midzi yathunthu ya ku Angónia inasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pobwerera, mabanja ambiri sanabwerere onse. Kenako Edzi inatenga amsinkhu wapakati, ndipo agogo amene anayenera kusamalidwa anasanduka olera ana amasiye. Sukulu nayo inatenga mdzukulu, ndipo ichi n'chinthu chabwino chimene palibe angafune kuchibweza. Pomaliza panabwera ndalama za m'tauni, makamaka kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011. Mwana amene zinamuyendera amatenga kholo lake kukakhala nalo pafupi ndi chipatala chachikulu, koma iye ndi mkazi wake onse ali pantchito. Mpata umene adzukulu a ku kuka anasiya ndi umene mtsikana wolembedwa uja amakatseka.

N'chifukwa chiyani amafuna wa kumudzi, pamene m'tauni momwemo muli anthu osowa ntchito? Taganizirani gogo amene wakhala moyo wake wonse kumapiri, kumene mu June ndi July chisanu chimawaula masamba a nthochi, lero wapezeka mu mzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo anthu amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Munthu akamakalamba, makamaka ubongo ukayamba kufooka, zinenero zimene anaphunzira atakula zimamuthawa, n'kutsala ndi chimene anayamwira. Amafuna womuyankha m'Chichewa, wodziwa kugwada popereka madzi, wodziwa kuphika nsima yofewa ndi nyemba zosasula, mfutso wotendera ndi phala la mgaiwa. Chifukwa chimenechi n'chomveka. Koma pali china chimene sichinenedwa poyera: wa kumudzi ndi wotchipa, sadziwa mtengo wa ntchito yake, ndipo akakhumudwa alibe kothawira.

Malire nawo amathandiza. Mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 unadula pakati pa anthu amodzi. Pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, monga pa Lizulu, mbali ina ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique. Mtsikana wa ku Calómuè akhoza kukafika ku Lilongwe tsiku lomwelo osafunsidwa chiphaso, chifukwa akalankhula palibe angamusiyanitse ndi wa ku Dedza. Amayi a ku Malawi nawo amaolokera ku Ulónguè ndi ku Tete kufuna ntchito yomweyi. Kuoloka n'kosavuta, koma pakabuka mkangano wa malipiro, m'pamene munthu amakumbutsidwa kuti ndi wobwera ndipo alibe mapepala.

Ntchito yake yeniyeni

Pouza makolo a mtsikana, amati akungofuna "woti azicheza ndi agogo." Nthawi zina zimakhaladi choncho miyezi yoyamba. Koma ukalamba subwerera m'mbuyo. Matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga achuluka m'maiko athu, ndipo mapeto ake nthawi zina ndi sitiroko, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi. Kuyambira tsiku limenelo, ntchito imasanduka ya unamwino, ngakhale woigwirayo sanaphunzitsidwe ngakhale ola limodzi.

Munthu wosatha kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku. Akasiyidwa, khungu la pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene limafa chifukwa magazi sakufikako, ndipo pamatuluka zilonda zozama zimene zingathe kumupha. Ayenera kusambitsidwa, kupukutidwa mpaka kuuma, kusinthidwa matewera kapena nsalu akadziyipitsira, ndipo zofunda zichapidwe tsiku lomwelo. Pomudyetsa ayenera kukhazikidwa tsonga, n'kupatsidwa pang'onopang'ono, chifukwa wodwala sitiroko sameza bwino, ndipo phala likalowera kumapapo limayambitsa chibayo. Mankhwala ali ndi nthawi yake. Kumalo otentha ngati Tete ayenera kukumbutsidwa kumwa madzi, poti nkhalamba simva ludzu msanga. Kumalo ozizira ngati Ulónguè ngozi ndi ina: mbaula ya makala yosiyidwa m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wakupha umene sununkha. Ndiye pali kunyamula. Kuchotsa munthu wamkulu pabedi kumuika pa chikuku, kumutsitsa kubafa ndi kumubwezeranso, kangapo pa tsiku, kumathyola msana wa wonyamulayo ngati sanasonyezedwe kanyamulidwe koyenera. Amayi ambiri amene anagwirapo ntchitoyi amabwerera kumudzi ndi msana wosathanso kugwira khasu.

Pali kulemera kwina kumene mlendo sangakuone. Pa mwambo wathu, kuona maliseche a munthu wamkulu si nkhani yamasewera, ndipo mwana wamkazi kusambitsa bambo ake n'chinthu chimene ambiri sangachite. Banja likalephera, limapereka udindowu kwa mwana wa eni wa zaka 17, amene naye analeredwa m'mwambo womwewo. Amachita, koma manyazi ake palibe amamufunsa.

Chovuta kuposa zonse ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene madokotala amawatcha dementia. Gogo amaiwala kuti wadya, n'kuuza ana ake madzulo kuti wamanidwa chakudya. Amabisa ndalama pansi pa pilo, n'kuiwala, n'kuloza wantchito kuti waba. Amadzuka pakati pa usiku kufuna kupita kumunda umene anausiya zaka 20 zapitazo. Akatuluka osaoneka, n'kupezeka m'mawa ali mbulanda pakhomo pa eni, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti, ndipo nkhalamba zina zamenyedwa kapena kuphedwa kumene chifukwa cha zimenezi. Awa ndi matenda a ubongo, si ufiti, ndiponso si mwano. Wosamalira amene wauzidwa zimenezi amapirira mosiyana ndi amene akuganiza kuti gogo akumuzunza dala. Banja limene likudziwa zimenezi silithamangira kusecha chikwama cha wantchito.

Tisabisenso kuti nkhanza zimachokera mbali zonse ziwiri. Alipo osamalira amene amakalipira, kutsina kapena kumana chakudya nkhalamba imene singathe kudzinenera. Palibe chowiringula pa zimenezi. Koma munthu amene sanagone tulo tokwanira kwa miyezi, sanapume ngakhale Lamulungu limodzi, ndipo malipiro ake achedwa, waikidwa pamalo pamene mtima umaphwa msanga. Wofuna kuti amayi ake asamalidwe bwino ayambe ndi kuonetsetsa kuti wowasamalirayo akugona.

"Tikamusunga ngati mwana wathu"

Mawu awa ndi amene amatsekera zokambirana kumudzi, ndipo makolo amakhutira nawo. Nthawi zina amanenedwa ndi mtima woona. Koma mwana wa m'nyumba safunsa malipiro, sawerenga maola, sanena kuti lero ndi tsiku langa lopuma. Chibale chikalowa m'malo mwa pangano, wotayapo ndi wantchito.

Malamulo alipo. Ku Mozambique, Decreto 40/2008 inazindikira ntchito ya m'nyumba, kuphatikizapo kusamalira okalamba ndi odwala, kuti ndi ntchito. Inaika malire a maola 9 pa tsiku ndi 54 pa sabata, tsiku limodzi lopuma pa sabata, ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 12 chaka choyamba, 24 chachiwiri ndi 30 kuyambira chachitatu. Koma sinaike malipiro ochepetsetsa, inalola kuti pangano likhale lapakamwa, ndipo inalola mwana wa zaka 12 kulembedwa ngati womuyang'anira wavomera. Pa za penshoni, wantchito wa m'nyumba anatengedwa ngati wodzilemba yekha ntchito: akafuna kulowa ku bungwe la penshoni la INSS, ankayenera kudzilipirira yekha 7 peresenti ya malipiro ake, bwana osaponyapo kanthu. Bungwe la antchitowa la SINED lakhala likumenyera kuti zimenezi zisinthe, koma mphamvu zake zili kwambiri m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi mtsikana wotsekeredwa kumpanda amene sanamvepo dzina lake. Ku Malawi malipiro ochepetsetsa a antchito a m'nyumba alipo, ngakhale ndi otsika kuyerekeza ndi a ntchito zina. Ndipo malire a maola 9 amatanthauza chiyani kwa munthu wogona pamphasa pafupi ndi bedi la wodwala?

Amene amapitirira mpaka ku Joni, kudzera pa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, amakapeza malamulo amphamvu. South Africa inavomereza mu 2013 pangano la ILO la nambala 189 loteteza antchito a m'nyumba, ndipo kuyambira pa 1 March 2022 malipiro awo ochepetsetsa anafanana ndi a antchito ena onse. Chitetezo chotere sichinabwere chokha. Mayi Maria Mahlangu, amene anatumikira banja limodzi zaka 22, anamira m'dziwe losambira la abwana ake mu 2012, ndipo mwana wa mayiyo, Sylvia, atapempha chipukuta misozi anauzidwa kuti lamulo la ovulala pantchito silikhudza antchito a m'nyumba. Anakamang'ala, ndipo pa 19 November 2020 khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti kuwapatula kumeneko n'kosemphana ndi malamulo. Komabe wopanda mapepala amaopa kudandaula, kuti angamutumize kwawo. Kutali kwambiri, ku Oman, amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino anakapezeka atalandidwa mapasipoti. Mu 2024 BBC inaonetsa mmene Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, anasonkhanitsira amayi oposa 50 pa gulu la WhatsApp mpaka ambiri anapulumutsidwa.

Amene anatsogola

Anthu a ku Angónia sanayambe lero kutumikira m'nyumba za eni. Kale anali amuna. Pothawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, anyamata ankayenda pansi kupita ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Mu 1913 boma la Apwitikizi ndi la Southern Rhodesia anasainirana pangano lolola kulemba antchito m'chigawo cha Tete, koma ambiri ankapita mozemba, ena n'kumadzitcha a ku Nyasaland (Malawi wa lero) poti chinenero chinali chimodzi. Ena anathera m'mafamu a fodya, ena m'migodi, ndipo ambiri anakhala makhukhi ndi osamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Bulawayo. Analera ana a bwana, ndipo bwana ndi dona atakalamba, anawanyamula, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa.

Ena anabwerera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama za malata. Ena sanabwerere, n'kutchedwa machona. Chaka chilichonse ankati abwerera chaka chamawa, mpaka nkhondo inatseka njira, achibale anamwalira, munda unatengedwa ndi ena. Mphamvu zitatha, kapena bwana atasamukira kunja, kanyumba ka kuseri kaja kanafunika ndi wantchito watsopano. Mzika ya dzikolo ikakalamba inkapita kumudzi kwawo. Mchona analibe mudzi. Akatswiri a ku Harare amene anafufuza nyumba zosungira okalamba m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mmodzi mwa iwo Andrew Nyanguru, anapeza kuti m'nyumba za anthu akuda ambiri mwa okhalamo anali amuna ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. M'malo ngati Melfort, Bumhudzo ku Chitungwiza ndi SODA ku Highfield munkamveka Chichewa. Anthu amene anathera moyo wawo wonse akusamalira ena anamalizira m'manja mwa mipingo ndi mabungwe achifundo, ndipo ambiri anaikidwa m'manda popanda mbale woponya dothi.

Mbiri imeneyi imandipweteka chifukwa palibe chimene chasintha m'makonzedwe a ntchitoyi choti chiletse kuti zichitikenso. Mayi amene wathera zaka 15 ku Tete kapena ku Joni akusamalira makolo a eni, wopanda penshoni, wopanda nyumba yakeyake, munda wake ukulimidwa ndi ena, ali pa njira yomwe anayenda amalume ake.

Nyumba imene yasiyidwa

Mayi akachoka ku Dómuè kukasamalira gogo wa ku Tete, amasiya ana ake kwa amayi ake, amene nawonso ndi okalamba. Zili ngati kufolera nyumba ina ndi udzu wosasula padenga la ina. Akatswiri anaona zomwezi ku Italy, kumene amayi ochokera ku Romania, Ukraine ndi Moldova amasamalira nkhalamba za kumeneko, makolo awo ndi ana awo atatsala okha. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno mtunda ndi waufupi ndipo ndalama zake n'zochepa kwambiri.

Sindikunena kuti asamapite. Ndalama imene amatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola imagula feteleza, yunifolomu ndi sopo, ndipo chaka chimene mbatata kapena fodya sizinagulidwe bwino ndiyo imaimika banja. Boma la Mozambique, kudzera ku bungwe lake la INAS, limapereka thandizo kwa okalamba osauka, koma mlingo umene unaikidwa mu 2018 unali mametikali 540 pa mwezi kwa munthu wokhala yekha, ndipo ndalamayi imachedwa kawirikawiri. Lamulo la 3/2014 loteteza okalamba ku Mozambique, ndiponso lamulo lotere limene Malawi inakhazikitsa mu 2024, amanena za ulemu ndi ufulu wa nkhalamba. Koma amene amaupereka ulemuwo ndi manja ake, nthawi ya 3 koloko usiku, ndi wantchito uja, ndipo malamulo a okalamba samuona.

Ntchito imeneyi ili ndi mathero amene ntchito zina zilibe. Wolera mwana amaona mwanayo akukula. Wosamalira nkhalamba amadziwa kuti ngakhale achite bwino chotani, tsiku lina wodwala wake adzamwalira, kawirikawiri m'manja mwake, ana ake ali kuntchito. Tsiku limenelo amataya munthu amene anazolowerana naye kuposa wina aliyense, amataya malipiro, ndiponso amataya pogona. Pamaliro amakhala kumoto akuphika, osati m'siwa ndi olira. Zikatha, amapatsidwa zitenje ziwiri za malemu ndi ndalama yokwerera. Zikavuta, amayambanso kufunsidwa kuti usiku umenewo anawadyetsa chiyani.

N'chifukwa chake pangano liyenera kupangidwa mtsikana asanakwere galimoto, pamaso pa malume ake kapena a mfumu, ndipo lilembedwe ngakhale pa pepala la m'kope. Akhale wamkulu, osati mwana wochotsedwa pasukulu. Auzidwe zoona za mmene wodwalayo alili. Malipiro atchulidwe ndi tsiku lake, ndipo aperekedwe m'manja mwake, osati "kumusungira." Tsiku lake lopuma likafika, mwana wa gogoyo ndiye asinthe matewera. Foni ndi chiphaso chake zikhale ndi iye. Wina amutengere kuchipatala kuti namwino amusonyeze kutembenuza, kunyamula ndi kudyetsa wodwala. Banja limene lingathe limulembetse ku INSS n'kumamulipirira 7 peresenti ija, ngakhale lamulo silinalikakamize. Ndipo alembe poyera za tsiku limene aliyense amaopa kulitchula: gogo akadzamwalira, wantchito adzakhalabe m'nyumbamo masiku angati, adzalandira malipiro a miyezi ingati, ndipo ndani adzalipire ulendo wake wobwerera ku Angónia.